Nkhono Asiya Bulangete

Tsiku limene Nkhono analandira kiyi ya chipinda chake, anatsegula ndi kutseka chitseko mpaka mkono unatopa. Anayatsa getsi, nazimitsa, nayatsanso, akuseka yekha chikhakhali. Munthu wa imvi zake! Koma tisamuseke kwambiri. Chitsekereni fakitale ya zikopa, kumene ankagwira ntchito ndi kukhala m'nyumba ya kampani, bamboyu ankagona m'makonde a masitolo, atatsamira nsapato zake kuti zingabedwe. Masana ankasoka nsapato pafupi ndi depoti ya mabasi, katundu yense ali pamsana. Dzina loti Nkhono linachokera pamenepo.

Chipindacho anamupezera ndi mayi a ku bungwe lothandiza anthu osowa pogona. Lamulo linali limodzi: chipinda chikapezeka chopanda munthu chimapita kwa wina, poti odikira ndi ambiri.

"Zimenezo musadere nkhawa, mayi," anatero Nkhono. "Muno mudzachita kundinyamula."

Koma chizolowezi sichimva kiyi. Wogona pakhonde amadzuka mwini sitolo asanafike, ndipo sasiya chizindikiro, apo ayi mawa lake amapeza mlonda ndi chibonga. Tsono m'mawa uliwonse Nkhono ankapinda bulangete, kukulunga kamatiresi, kulongedza poto ndi kapu. Ngakhale babu la getsi ankaligulula n'kulikulunga m'sokisi. Akatero ankasesa mbee, n'kutuluka akuimba mluzu, nyumba yonse ili pamsana.

Tsiku lina pochokera kuntchito anapeza mayi aja ataima pakhomo, nkhope ili yakugwa.

"Bambo, mwabwerera kumakonde eti? Ndakhala ndikusuzumira pazenera, mulibe kanthu! Mawa akuluakulu anga akudzayendera. Akapeza chonchi, chipinda chapita."

Mtima wa Nkhono unati phwii. "Ine? Ndimagona muno tsiku ndi tsiku!"

"Nanga katundu ali kuti?"

"Si uyu?"

Anatula mtolo n'kuyamba kutulutsa zinthu chimodzichimodzi. Litatuluka babu m'sokisi, mayiwo anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ili mbwee.

"Kodi kiyi ntchito yake n'chiyani, bambo?"

"Kutsegulira."

"Ndi kutsekeranso! Mawa musiye chinthu muno. Ngakhale chimodzi."

Kunena n'kosavuta. M'mawa mwake Nkhono anaika kapu pakati pa chipinda, naitolanso. Anasiya poto, anafika pachipata, n'kubwerera kudzamutenga. Ankachita mantha enieni, pakuti pa zaka zonsezo chilichonse chimene anachisiya m'mbuyo sanachionenso. Pomaliza anayala kamatiresi, nafunditsapo bulangete, lija linamupulumutsa ku mphepo za zaka zambiri, nakhoma chitseko maso ali chitsinzinire.

Mumsewu ankayenda mopepuka ngati wavula. Makondakitala a padepoti atamuona anakuwa, "A Nkhono, akuberani kodi?"

"Ndasiya kunyumba!" anayankha. Mawuwo anamukomera m'kamwa, moti anauzanso wogulitsa nthochi amene sanamufunse n'komwe.

Koma ntchito sinayende. Anadzibaya chala ndi singano, ndipo nsapato ina anaimata chidendene cha inzake. Dzuwa lisanafike pamutu anasonkhanitsa zida n'kuliyatsa liwiro la kunyumba.

Pachipata anakumana ndi mayi aja akutuluka ndi akuluakulu awo.

"Taona, bambo," anatero mayiwo akumwetulira. "Muno muli munthu."

Nkhono sanawamve bwino. Anathamangira kukatsegula. Atakankha chitseko, bulangete linali pomwepo, ngodya imodzi itapindika monga anaisiyira. Palibe amene analikhudza.

"Wandidikira?" analifunsa, naseka mpaka kuseka kunasanduka kulira.

Kenako anavula nsapato, naziika kukhomo, kutali ndi kumutu, n'kugona masanasana.