Tirigu wa a Kennias Pansi pa Malata a Lendi

Mu Ivory Park monse, ku Joni kuno, munthu mmodzi yekha ndiye anali ndi misala yolima tirigu kuseri kwa nyumba, ndipo anali a Kennias. Anzawo malo otere amamangapo mashaki a lendi. Iwo ayi. Mbewuyo bambo awo anachoka nayo ku Tsangano, nakaisunga moyo wawo wonse pafamu ina ku Chegutu, ndipo a Kennias anawoloka nayo Limpopo ili m'sokosi. Chaka chatha mbalame zinachita nayo phwando, choncho ulendo uno anafesa yonse yotsala. Ikanapita imeneyi, ndiye kuti yapitiratu.

Akazi awo, a Sekai, zinali zitawakwana. Anagula malata n'kuitana mmisiri kudzaimika mizati ndi denga kumapeto kwa kamundako, makoma anati adikire kaye. Pangano linali lakuti tirigu akalepheranso, shaki idzakula mpaka kumeza munda wonse. Sindinganene kuti mayiwa ankapempherera matalala, koma mitambo ikada ankayang'ana kumwamba mwachikondi ndithu.

Tirigu atacha mu Novembala, a Kennias anaitana dima monga amachitira kwawo. Anakonza thobwa ndowa yodzaza, nayenda khomo ndi khomo. Aliyense anavomera, ndipo Loweruka lake sipanaoneke ndi mmodzi yemwe. Anthu a ku Joni kukana sadziwa, amangosowa. Mkuluyo anayamba yekha ndi zenga lake ndi msana wake wokalamba, koma pofika masana anali asanafike ngakhale pakati. Apo n'kuti kumwera kutada bii, mafoni akuchenjeza za matalala. Mantha anawagwira kwenikweni, chifukwa matalala a kuno akagwa pa tirigu wouma amamupunthira m'matope.

Atasuzumira kumsewu anaona anthu awiri amene mantha awo ankaposa awo. Oswell, mnyamata wa ku Chipata wonyamula anthu pa galimoto yake yoyera, ankaizungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Kudzanai wa bakki yonyamula katundu ankayala makatoni pagalasi, mphepo n'kumawachotsa. Onse awiri analonjeza dzulo lake kuti abwera ku dima lija, ndipo onse analibe garaja.

"Iwe Oswell, denga la mayi ako a Sekai lija likungokhala," anatero a Kennias. "Lowetsani magalimoto. Koma njira ndi ya m'mundamu, ndipo tirigu wanga sapondedwa ndi tayala."

"Eish, madala, manje tichite bwanji?"

A Kennias anangowaonetsa mazenga awiri amene anawanola m'mawa.

Anthu amene analibe nthawi anaipeza pomwepo. Kudzanai anakokanso mkazi wake ndi mlamu wake, atanyamula mipeni ya kukhitchini. Anamweta ngati akuthamangitsidwa ndi apolisi, a Kennias akungomanga mitolo n'kumayala pansi, osauza munthu koiika. Apa ndi pamene panali nzeru zawo. Oswell ndi mwana wa mlimi, Kudzanai anabadwira pakomboni ya famu. Munthu wotere, mvula ikayamba kudontha, sangadutse mtolo wa zokolola uli pamtetete. Manja amanyamula okha, mutu usanafunsidwe. Ndipo malo ouma pabwalo lonselo anali amodzi.

Mtolo womaliza utalowa, Oswell anathamangira galimoto, naibweza chambuyo bwinobwino kudutsa m'ziputu. Atayang'ana pagalasi anaponda buleki. Pansi pa denga panali patadzaza tirigu mpaka kumalata, moti ngakhale njinga sikanalowa.

"Ndani wayika zinthu izi apa?" anafunsa.

"Wambiri wayika ndiwe, bra," anayankha Kudzanai, akuyang'ana manja ake ngati a munthu wina.

Kutulutsa mitoloyo nthawi inalipo pang'ono, koma palibe anayerekeza. Anangoima. A Sekai ndiwo anachita manyazi m'malo mwa amuna awo. Anatuluka ndi mabulangete pafupifupi onse a m'nyumba, ngakhale la ukwati lomwe, n'kufunditsa magalimoto awiriwo, akulalata kuti ukalamba wina umabwera ndi ukathyali. Atangomaliza, matalala anayamba. Onse anapanikizana m'mphepete mwa mitolo, malata akulira pamutu, thobwa lija likuyenda m'makapu mochedwa. Galimoto ya Oswell inapulumuka ndi kachibowo kamodzi pabonati, kamene mpaka lero amakaonetsa kwa aliyense wokwera.

Kutacha bwino, a Kennias anatikita ngala imodzi m'manja, nauzira mankhusu. Anayang'ana njerezo nthawi yaitali, ndipo maso awo anadzaza misozi, pakuti anakumbuka bambo awo. Kenaka ukathyali unabwerera.

"Amayi, shaki yanu yapeza tenanti."

A Sekai anali akufinya bulangete la ukwati. Anatola njere ziwiri m'dzanja la amuna awo n'kutafuna.

"Muwauze a tenanti anuwo kuti lendi yake ndi buledi," anatero. "Ndipo usiku uno mufunda mapesi omwewa, chifukwa bulangete louma latsala limodzi, ndipo ndi langa."