Thanga la ku Mzikiti

Chaka chimene a Binali anagula injini ya boti, ku Senga kunalibe munthu woyenda monyada kuposa iwo. Thanga lakale, chinsalu chokodwa mphepo chimene bambo awo ankayendetsera botilo, analipereka sadaka ku mzikiti, kuti lizitchinga dzuwa pa swala ya Ijumaa, pemphero la Lachisanu, anthu akasefukira panja. Ankati mphepo ndi ya amphawi.

Kenako nkhondo ya ku Mozambiki inadula njanji ya ku Beira. Ife sitinamve ngakhale kulira kwa mfuti, koma petulo anasowa Salima yense, mchere unakwera, feteleza wa alimi a ku Chinguluwe anatsakamira kudoko. Wailesi inkangoimba nyimbo, ndipo munthu akafuna kufunsa chifukwa ankayamba wacheuka kaye. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Injini inagona pamchenga ngati mbuzi yodwala. Boti linali lolemera, losatheka kulipalasa mpaka kumene kuli utaka, choncho alovi, asodzi awo aganyu, anayamba kuthawira kwa eni mabwato aang'ono. Kunyumba ana ankagonera phala. Mayi Kulusumu, akazi awo, anawauza kuti akatenge thanga lija, koma a Binali anakanitsitsa kuti chimene wapereka kwa Mulungu sukachitenganso, bola njala. Kunena zoona, Mulungu analipo pang'ono, manyazi ndiwo anachuluka.

Mayi Kulusumu anapita okha kukacheza kwa akazi a shehe. M'mawa mwake shehe Omari anatulukira kunyanja, amuna awiri atasenza thanga pambuyo pawo.

"A Binali, thanga la mzikitili lachita chuku, likufuna mphepo. Muli ndi mtengo woti tiliyanikepo?"

A Binali anayankha akuyang'ana pansi kuti mtengo ulipo, koma uli m'boti.

"Ndiye boti lipite kumene kuli mphepo," anatero shehe akukwinya mkanjo. "Inenso ndikwera. Katundu wa mzikiti sayenda yekha."

Mwera unadzaza thangalo, boti linanyamuka, alovi othawa aja akulithamangira m'madzi. Shehe anasanza ulendo wonse, koma masana anabwerako utaka uli tho, ndipo ndinaona a Binali akuseka misozi ili mbwembwembwe. Nsomba zinafika mpaka ku Khombedza pa njinga.

Lachisanu thanga linabwerera pamalo pake kukatchinga dzuwa. Tinaswali pansi pake likununkha utaka, ndipo palibe amene anadandaula.