Malonje a ku Uri

Tsiku limene Nicodemus ankanyamuka kupita kunja kukaphunzira za mipope ya madzi, atate ake, a Bwezani, sanamulangize za mowa kapena za akazi achizungu. Anamugwira dzanja pakhonde la nyumba yawo ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka, nati, "Kumene ukupitako ndi kufupi ndi maiko a m'Baibulo. Ukadzaponda ku Uri, kwawo kwa Abrahamu, udzabwere udzandipatse malonje ake. Monga momwe udzaonere. Osathira mchere."

A Bwezani anali mkulu wa mpingo wa Reformed, munthu wa ku Katete, ndipo kwa iwo dziko lonse la kutsidya kwa nyanja linali mudzi umodzi. Nicodemus analonjeza. Masiku amenewo munthu ankayenda mu Cairo Road, msewu waukulu wa m'tauni, pansi pa mitengo osaponda tomato wa wina.

Panapita zaka zoposa makumi atatu. Ntchito inamuzunguza maiko ozizira ndi otentha mpaka inamutula ku Basra, m'dziko la Iraq, ndipo Lachisanu lina analipira galimoto n'kukafikadi ku Uri. Atabwerera ku Lusaka ndi imvi zake, anapeza mzinda umene ankaulota uli m'manja mwa aneneri. Pamphambano iliyonse chikwangwani, pachikwangwani chilichonse mwamuna wa suti yonyezimira akuloza kumwamba. Nyumba ya ku Kabwata anali ataitsekera mumpanda wa njerwa wokhala ndi magalasi osweka pamwamba, ngati kuti mkatimo munali chinthu choti n'kuba.

A Bwezani anali atachita khungu, makutunso atalemera. Koma mwambo sanauiwale. "Pano si pa minibasi," iwo anatero. "Mlendo sakuwa. Ayankhule ndi mlongo wake, mlongo wakeyo andifikitsire." Ndimo mmene malonje amayendera kwawo: wapaulendo amafotokoza kuyambira pomwe ananyamukira, wapakati n'kumapereka mawuwo kwa mwini nyumba.

Wapakatiyo anali Beatrice, wamng'ono mwa onse, wa ku Woodlands, amene anasiya nyimbo za Reformed kalekale n'kulowa mpingo wa magitala. Mawu anali nawo, osulidwa m'mapemphero. Anabweranso ndi amayi anzake a kumpingo, onse m'zitenje zofanana, mafoni ali m'mwamba.

"Ba Nico, simunabweletseko ka soil?" anafunsa Beatrice asanayambe. "Olo ka mwala chabe? Ba pastor anakamba ati ni point of contact, ukagwila popemphela madalitso yabwela."

"Dothi lili panja apo," anatero Nicodemus. "Katapeni."

Amayi aja anaseka kuseka kwa anthu amene sanamve bwino. Iye anakhala pampando wamatabwa, nayang'ana Beatrice monga mwambo ufunira, nayamba.

"Uwauze kuti ndinanyamuka ku Basra m'mamawa. Njira yonse asilikali, kuimitsa, kufunsa mapepala. Kutentha kwake ngati wayandikira ng'anjo ya njerwa."

Beatrice anawerama pakhutu lamanzere la nkhalamba. "Atate! Ati ananyamuka kuseni-seni, asilikali kuwapelekeza njila yonse!"

"Eya," anatero a Bwezani.

Nicodemus anayang'ananso Beatrice. "Uwauze kuti ku Uri kulibe mudzi. Ndi chipululu chathyathyathya, dothi lotuwa ndi mchere, kopanda mtengo woti galu n'kubisalapo. Mtsinje wa Firate unasamuka kalekale, unawathawa. Chatsala ndi chimulu chachikulu cha njerwa zomata ndi phula, chokhala ndi makwerero. Anachimanga Asumeri, anthu akale a kumeneko, ndipo sanamangire Yehova. Anamangira mwezi."

"Atate! Ati kuli kachisi mukulu maningi, masitepu kufika kumwamba!"

"Ameni!" anavomera amayi aja.

"Sindinatero."

"Ba Nico, ndine nikamba na atate. Imwe pitilizani."

Anapitiriza, tsopano mwadala, akusankha mawu ngati munthu wosankha miyala yogendera. Ananena za mpanda wa waya wa bwalo la ndege zankhondo umene uli pafupi pomwepo. Ananena za mabotolo apulasitiki amene mphepo imawakunkhuniza m'mabwinja. Ananena za manda a mfumukazi imene inaikidwa pamodzi ndi atsikana ake antchito, onse atavala mikanda, kuti akaitumikire kumanda komweko. Za nyumba imene amati ndi ya Abrahamu anati makoma ake ndi a dzana, opanda denga, omangidwa pamaziko akale kuti alendo azijambulitsapo, ndipo palibe amene angalumbire kuti Abrahamu anagonamo ngakhale tsiku limodzi.

"Nyumba ya ba Abraham ikalipo, atate! Yaimilila che! Analowa mukati!"

Mayi wina anayamba kulira. Wina anayambitsa kolasi. Nicodemus anawayang'ana: anthu a madigiri, ogwira ntchito m'mabanki ndi m'maunduna, oyendetsa magalimoto aatali ngati maliro, koma ukawapatsa mbiri ya anthu amene anayamba kulemba padongo dziko likadali mwana, iwo akufunamo dothi la m'botolo. Anakumbukira kuti m'nyumba yomweyi atate ake ankakangana ndi abusa za vesi limodzi mpaka tiyi kuzizira.

"Nanga madzi?" anafunsa a Bwezani.

"Uwauze kuti kulibe. Ndinamwa a m'botolo, ofunda, ogula kwa mlonda."

"Ati visime vili mbwee, atate! Nkhosa zikumwa!"

Apa nkhalamba inakweza dzanja. Kolasi inaduka. Dzanjalo linafufuza m'malere mpaka linapeza bondo la Nicodemus, kenako mkono, n'kukoka. Mphamvu munalibe, koma Nicodemus anagwada pasimenti.

"Beatrice, khala uko. Pakamwa pako ndimapadziwa, unayamba uli wamng'ono." Anatembenuzira khutu lamanzere kwa mwana wawo. Mwambo anauphwanya okha. "Nikodemo, yankhula muno. Ine ndalalikira za Uri moyo wanga wonse. Ndinkawauza anthu kuti Abrahamu anasiya kwawo kuli madzi, kuli msipu, monga ndinasiyira ine ku Katete. Chikhulupiriro n'chimenecho. Pabwinja aliyense akhoza kuchokapo. Tsono ine ulendo wanga wayandikira, ndikukamupeza Abrahamu mwini wakeyo, ndipo sindifuna kukamuuza zokometsera za mlongo wakoyu. Iwe unalonjeza."

"Ndinalonjeza, atate."

"Kweza mawu."

"Ndinalonjeza!"

"Zitsime zake zikadalipo?"

Pafupi chonchi, Nicodemus anaona kuti kolala ya malaya a atate ake inali yaikulu kuposa khosi, ndipo batani lapamwamba anali atadzimangira okha, molakwitsa bowo. Mafoni onse anali atamuloza. Beatrice anapinda manja pachifuwa, akumuyang'ana ngati wogulitsa wa pamsika wa Kamwala amene akudziwa kuti ubwereranso. Panja kondakitala ankaitanira anthu a ku tauni.

Ku Uri sanaone chitsime ngakhale chimodzi. Anaika pakamwa pake pakhutu la nkhalamba.

"Zilipo, atate," anatero. "Madzi ake ndi ozizira. Ndinamwako."