Mpando Umene a Nyakayira Sanakhalepo

Mwendo wakumanzere wa a Nyakayira unkadziwika ndi aliyense wa mumzere wa nyumba zawo ku Area 25. Chaka chatha magazi anaundana mumtsempha wa m'katumba, mwendo n'kutupa ngati mtondo, ndipo anagona m'chipatala kwa milungu ingapo. Anachira ndithu, koma akakhala malo amodzi nthawi yaitali, kaya pamaliro kaya pamsonkhano wa amayi kutchalitchi, mwendowo unkayambanso kulemera.

Ndiye kunabwera uthenga woti mwana wawo woyamba, Mwiza, amene amagwira ntchito ku Canada, masiku ake ochira ayandikira. Inali mimba yoyamba. Zoti apite kapena asapite panalibe wokambirana, chifukwa a Nyakayira sakanalola kuti mwana wawo alowe m'chikuta kudziko la eni popanda mayi ake womusambitsira khanda. Vuto linali loti mwendowo ukafika bwanji kumeneko.

Vitu, mlongo wake wa Mwiza, amene amakonza mafoni pamsika wa Nsungwi, anawatengera mayi akewo kwa a Elube, namwino wokhala kuseri kwa nyumba yawo. A Elube ndi amene ankabwera kudzauona mwendowo a Nyakayira atangotuluka m'chipatala, choncho ankaudziwa bwino.

"Amayi, ulendo uwu si wa kumudzi ku Mzimba," anatero a Elube. "Mukasintha ndege ku Addis Ababa, mukwera ina imene ikhala m'mwamba maola oposa khumi ndi anayi. Munthu akakhala chopinda miyendo nthawi yonseyo, magazi amayenda mwaulesi. Kwa inu amene munadwalapo kale, kuundana n'kosavuta. Ndipo choundanacho chikathothoka n'kuthamangira kumapapo, munthu amatha kugwa pomwepo."

"Ndiye ndisapite?" anafunsa a Nyakayira, nkhope itagwa.

"Mupita, koma muyambe mwaonana ndi adokotala, akupatseni mankhwala ngati aona kuti n'koyenera. Muvale masokosi othina a kuchipatala aja. Muzimwa madzi pafupipafupi. Muzidzuka n'kumayendayenda m'kanjira ka m'ndegemo, ngakhale anthu akuyang'aneni. Iwe Vitu, posankha mpando uonetsetse kuti ndi woti mayi atha kutambasula mwendo komanso kutuluka osapempha munthu njira. Mpando pawokha suchiritsa. Ubwino wake ndi woti umakulola kudzuka."

Vitu ndi Mwiza anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Madzulo alionse ankaimbirana foni, Vitu atatsegula chithunzi cha mipando ya m'ndege. Anapeza kuti ndege sizifanana, ngakhale tikiti italembedwa mofanana kuti bizinesi kilasi. Ndege ina mipando yake yakutsogolo inkangopendekera kumbuyo pang'ono, iwiriiwiri, moti wa pawindo ankayenera kudumpha miyendo ya mnzake kuti atuluke. Ina, yaikulu, mpando unkagona n'kusanduka bedi, ndipo uliwonse unali ndi potulukira pakepake.

"Tenga yaikuluyo," anatero Mwiza. "Ngakhale tsiku lisinthe, palibe kanthu. Koma mphamvu zanga zafika pa mpando umodzi basi. Amama akhale kutsogolo, adada akhale kumbuyo."

Bambo awo, a Laws Chavula, mkulu wa mpingo amene anapuma ntchito m'boma, atafunsidwa anangoti zili bwino, bola awapezere wa pawindo kuti akaone nyanja yaikulu ija ankaiphunzitsidwa kusukulu. A Laws sanali munthu wankhanza. Sanamenyepo mkazi, sanagonepo kumowa. Kungoti m'nyumba mwawo munali mpando umodzi wa khushoni pafupi ndi wailesi ya kanema umene palibe wina ankaukhala, ndipo nyama ikaphikidwa, nthuli yabwino inkadziwa yokha mbale yopita. Zinali choncho kwa zaka zoposa makumi atatu, moti iwo eni anasiya kuziona. Za mpando wa m'ndege ankangoganiza kuti ndi Mwiza akusasatitsa mayi ake. Palibe amene anakhala nawo pansi kuwafotokozera zimene a Elube ananena.

Nkhani ya ulendo itamveka kutchalitchi, amuna anzawo anayamba kuwaseka a Laws. "Akulu, tamva kuti mayi akakhala kwa mabwana, inu kumbuyo kwa ife anthu wamba. Kunyumba kwasintha boma eti?" A Laws ankaseka nawo, koma a Nyakayira, amene anamva ali chapatali, sanaseke.

Tsiku la ulendo litayandikira, kunabwera a Mirriam kudzatsanzika. A Mirriam ndi a Nyakayira ankayendera limodzi kolangiza atsikana okalowa m'banja, ndipo a Mirriam anali munthu woti chilichonse amachidziwa, ngakhale ndege anangoiona ikudutsa pamwamba pa Kanengo.

"Anzanga, ndisakubisireni, nkhaniyi yatipweteka tonse," anayamba a Mirriam atatsitsa mawu. "Inu ndi amene mumauza ana kuti mwamuna ndiye mutu wa banja. Lero mukagone chotambalala pabedi kutsogolo, akulu a mpingo atapanikizika kumbuyo ngati ali mu minibasi ya ku Mgona? Zithunzi zikafika pagulu lathu la pafoni, mudzalangizanso mwana wa ndani?"

"Komatu ndi chifukwa cha mwendowu," anayankha a Nyakayira. "A Elube anena kuti..."

"A Elube ndi mwana wa dzulodzuloli. Anamwino a masiku ano ntchito yawo ndi kuopseza anthu. Mwendo tiupempherera. Ndipo zakumwa madzi kwambirizo musamale nazo. Zimbudzi za m'ndege n'zovuta, mlamu wanga anadzitsekera m'menemo mpaka anachita kumutsegulira azungu, manyazi ake osanena."

A Nyakayira anapitadi kwa adokotala, masokosi anagula, ndipo pabwalo la ndege Vitu atawakumbutsa za mpando, anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Ndamva, mwanangu, usadandaule." Koma mawu a Mirriam anali atakhazikika kale pamalo pamene mawu a namwino sanafike.

Ndege yoyamba anakhala limodzi, ndipo ulendo unali waufupi. Atalowa mu yachiwiri, yaikulu ija, mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo anayang'ana matikiti awo, n'kulozera a Nyakayira kumanzere, a Laws kumanja. A Nyakayira anafika pampando wawo. Unali wotakasuka, pali pilo ndi bulangete, ndi poika miyendo pake. Anaima n'kuuyang'ana. Kenaka anacheuka, n'kuona amuna awo, imvi zili mbuu, akukankhana ndi anthu m'kanjira, chikwama chili pamutu. Mtima unawawawa. Anamuitana mtsikana uja, ndipo ndi Chingerezi chawo cha kusukulu ya mishoni anamupempha kuti akawaitane amuna awo asinthane malo.

Mtsikanayo anafunsa ngati atsimikiza. Iwo anagwedeza mutu.

"Nanga mwendo, amayi a Mwiza?" anafunsa a Laws atafika.

"Mwendo uli bwinobwino. Khalani apa, bambo, musandichititse manyazi pagulu."

A Laws anafunsa kamodzi kokha, ndipo yankho linawakomera. Anakhala pansi, n'kupempha mtsikana uja kuti awajambule chithunzi choti akaonetse anzawo aja.

Kumbuyo, a Nyakayira anapeza mpando wa pawindo uja. Pakati pa iwo ndi kanjira panakhala amuna awiri achilendo, matupi akuluakulu, amene anangoti kudya n'kutseka makutu ndi maso. Kumapazi a Nyakayira anaikako chikwama cha zitenje zoberekera mdzukulu, chimene sanafune kuti chitalikirane nawo, ndiye mwendo unasowa kolowera. Kuti atuluke, ankayenera kudzutsa amuna awiriwo, kapena kudutsa chopaka pamaondo awo. Mayi wolangiza ana a anthu sakanachita zimenezo. Madzi akabwera ankangonyowetsa kukhosi n'kubweza, poopa chimbudzi chija.

Patapita maola angapo katumba anayamba kukoka. Kenaka kutentha. Masokosi aja anayamba kuluma, ndiye anawapindira kumunsi. Anaganiza zodzuka, anayang'ana amuna aja ali mkonono, n'kudziuza kuti apirire pang'ono, afika posachedwa. Anafunda chitenje kumutu n'kuyamba kuimba nyimbo ya m'buku chamumtima. A Laws anabwera kamodzi kudzawaona, anapeza afunda, anaganiza kuti agona, ndipo anabwerera kukagona nawonso.

Ndege itatera, a Nyakayira anadzuka movutika, mwendo uli gwa. Anayenda chotsimphina m'khonde lalitali la pabwalo la ndegelo, chikwama cha zitenje chili m'manja. Asanafike poonetsa mapasipoti anaima n'kugwira pachifuwa.

"Bambo a Mwiza, mpweya ukundithera."

Anagwa pomwepo. Anthu a chipatala anathamanga nawo, madokotala anayesetsa, koma choundana chija chinali chitatseka kale njira ya magazi m'mapapo. Anamwalira tsiku lotsatira, Mwiza atawagwira dzanja, mimba ili kutsogolo. Mdzukulu anabadwa patangopita masiku ochepa. Anali wamkazi, ndipo amene anamusambitsa ndi anamwino achilendo. Zitenje zija Mwiza anachita kuzitulutsa yekha m'chikwama, zitapindidwa bwinobwino mmene mayi ake anazipindira ku Area 25.

Pobwerera kumudzi a Nyakayira anagona chotambasula miyendo ulendo wonse, monga mmene ana awo ankafunira, koma munali m'bokosi, kunsi kwa ndege pamodzi ndi masutikesi.

Thupi lisananyamuke kupita ku Mzimba, panali mwambo wa mapemphero pakhomo pawo. Anthu anadzaza mpaka mumsewu. Nthawi yoti amayi alankhule itakwana, amene anaimirira ndi a Mirriam, maso ali psuu ndi kulira, pakuti mnzawoyo ankamukondadi.

"Tataya mayi waulemu," anatero. "Mayi wodziwa malo ake. Ngakhale m'ndege, kutali ndi maso athu, anapereka mpando wabwino kwa amuna awo, iwo n'kukakhala kumbuyo. Atsikana muli panonu, tengeranipo chitsanzo."

Amayi ambiri anavomereza ndi mitu, ena n'kuyankha kuti ameni. A Elube, amene anakhala kumapeto kwa mkeka, anayang'ana atsikana amene anali kutsuka mbale pampopi, onse atatchera khutu, ndipo anadziwa kuti phunziro limene latuluka pamalirowo si limene linayenera kutuluka. Pamaliro sipotsutsana ndi wolankhula, choncho anangodzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Kumeneko anapeza Vitu atatsamira khoma, foni ili m'manja, chithunzi cha mipando chija chikadali chotsegula.

"Anamwino, kodi ndinasankha ndege yolakwika?" anafunsa.

"Ayi, Vitu. Ndege unasankha bwino, mpandonso unasankha bwino. Ine ndinalankhula ndi mayi ako, ndinalankhulanso ndi iwe. Munthu amene tinayenera kukhala naye pansi ndi bambo ako, ndipo tonse tinaopa kuwavutitsa."

Sanadziwe kuti a Laws anali chapafupi, atakhala pa njerwa pafupi ndi khomo la kukhitchini. Chibwerereni, mpando wawo wa khushoni uja anali asanaukhalepo.

"Bwerani kuno, mwana wanga," anawaitana a Elube ndi mawu otsika. "Mundiuze zoona. Akanakhala pampando paja, bwenzi ali moyo?"

A Elube anagwada pambali pawo. Sanafune kunama, sanafunenso kuwonjezera katundu pamutu pa munthu wosweka kale.

"Palibe angalumbire, abambo. Koma akanatha kutambasula mwendo, kudzuka, kuyenda ndi kumwa madzi mosaopa. Mwayi wawo unali pamenepo."

A Laws anayang'ana manja awo. Kutsogolo kwa nyumba amayi anali atayamba nyimbo yonyamulira bokosi.

"Mukudziwa chimene chikundipweteka?" anatero a Laws. "Ndinagona bwino kwambiri m'ndege muja. Chibadwire sindinagonepo tulo tokoma ngati timene tija. Ndinadzuka n'kumaganiza kuti ndikamuuza mayi a Mwiza kuti ana athu atilemekeza."

A Elube anawathandiza kudzuka, n'kuwaperekeza kugalimoto.

Phunziro: Ulendo wautali wa pandege ndi woopsa kwa munthu amene magazi anaundanapo m'mwendo, wochitidwa opaleshoni posachedwa, kapena woyembekezera. Aonane ndi dokotala asananyamuke, asankhe mpando woti atha kutambasula miyendo ndi kutuluka mosavuta, azimwa madzi, azidzuka n'kumayenda. Malangizo a chipatala auzidwe kwa onse a paulendo, makamaka amene wodwalayo amawapatsa ulemu. Mpando wosankhidwa chifukwa cha matenda ndi gawo la chithandizo, si mpando waulemu woti n'kupatsirana.