Wotchi ya Bambo Kasuba

Kalata yoitanira Anna ku komiti inali yaifupi, koma anaiwerenga kanayi m'sitima yopita ku Greenwich. Iye anali namwino pamalo a kafukufuku wa zachipatala a yunivesite ina, ndipo komitiyo ndi imene inkaonetsetsa kuti kafukufuku aliyense akuyenda mwachilungamo. Ikanati imupeze ndi chinyengo, ntchito ikanathera pomwepo.

Kafukufuku wake anali wa matenda a BP. Anthu ankavala mawotchi owerenga masitepe, kuti madokotala aone ngati kuyenda kumathandiza. Anna anapeza anthu khumi ndi awiri kutchalitchi kwawo ku Lewisham, ndipo mabwana anamuyamikira.

Tsiku la komiti panalibe womuyamikira. Wapampando, Dokotala Jennifer, anaonetsa mizere khumi ndi iwiri pakhoma, mzere umodzi pa wotchi iliyonse. Anati Loweruka lililonse, itangokwana 3 koloko, mawotchi onsewo ankayamba limodzi, kuima limodzi, kuyambanso limodzi. Anthu sayenda choncho, anatero, pokhapokha ngati mawotchi onse avalidwa ndi munthu mmodzi. Komiti yonse inayang'ana mikono ya Anna. Iye anaibisa pansi pa tebulo, kenako n'kuzindikira kuti walakwitsa.

Kumapeto kwa tebulo kunali Mayi Etta, oimira anthu wamba m'komitimo. Pa zaka ziwiri ntchito yawo inali yogwedeza mutu ndi kusankha mabisiketi. Anatsokomola, nafunsa Anna m'Chichewa:

"Iwe mwana, Loweruka 3 koloko mayi ako amakhala kuti?"

Anna anagwira pakamwa. Kwaya!

Mayi Etta anatulutsa foni, naonetsa kanema wa kwayayo amene mnzawo anawatumizira. Munali amayi atamanga zitenje pamwamba pa majuzi, akuponda kawiri kumanja, kawiri kumanzere. Woyambitsa nyimbo akakweza dzanja kudzudzula wina, onse ankaima nji. Anna analoza pakhoma n'kufotokoza kuti apo mizere yagona, ndi pamene Mayi Lumbani, mmodzi wa oimbawo, akukalipiridwa chifukwa chothamangitsa nyimbo.

Komiti inaseka, Anna n'kupuma. Dokotala Jennifer okha ndi amene sanaseke. Anabweza kanemayo, nawerenga ndi cholembera. Ovala mawotchi analipo khumi ndi mmodzi, onse amayi. Nanga nambala 12, bambo wa zaka 68, amene mzere wake unkavina mofanana ndi enawo, anali kuti?

Anna anaonetsetsa. Pamzere wakutsogolo Mayi Kasuba ankawomba m'manja mwamphamvu, wotchi kudzanja lamanja, wotchi kudzanja lamanzere. Kuseri kwa windo kunkaoneka galimoto ya amuna awo, nambala 12 uja, mpando utagonekedwa. Mwezi wathawu Anna anali atawauza bambowo pamaso pa anthu kuti ndi chitsanzo kwa amuna onse a mumpingo, iwo n'kuvomera modzichepetsa.

Chigamulo sichinachedwe. Anna analibe mlandu. Nambala 12 ichotsedwe m'kafukufuku, chifukwa chake chilembedwe, ndipo wotchiyo akaitenge Anna yemweyo.

Lamlungu Anna anawapeza Bambo Kasuba pakhomo la tchalitchi atavala suti, wotchi ili pamkono pawo ngati sinachokepo. Anapinda bondo, nawafunsa za m'mawa, za miyendo, za ana a ku Kitwe, mpaka mafunso anamuthera. Kenako anawauza zonse, maso ali pansapato zawo.

Bambo Kasuba analoza akazi awo, nayankha m'kalankhulidwe ka kwawo.

"Manje mwana wanga, ine na amai ako aba ndise thupi imodzi. Si ine ninakamba, ni Baibo."

"Zoona, bambo. Koma komiti ikufuna thupi lomwe linasayina fomu."

Bambowo anavula wotchiyo pang'onopang'ono, naipereka ndi manja awiri. Anna atatembenuka anamuitananso, natsitsa mawu. Ankafuna kudziwa ngati, pa masabata onse aja, BP yawo inatsikako.