Mpata wa Lachinayi Masana

Ku ofesi ya bungwe lina kunali bolodi loyera pakhoma la m'khonde, ndipo aliyense ankalembapo kumene akupita. Vuto linali loti aliyense ankafufutanso za mnzake kuti zake zikwane. Tsiku lina magulu awiri anakanganirana galimoto imodzi pageti, makiyi ali m'thumba mwa dalaivala amene anali patchuthi. Sabata yotsatira alendo opereka thandizo anafika m'mawa n'kupeza mlonda yekha akuthirira maluwa. Manyazi anawagwira bwana, ndipo analamula kuti bolodi lichoke, bungwe lipeze kalendala ya pa kompyuta yoti izioneka pa foni ya aliyense.

Bwanawa anthu ankawatcha Tigwirizane, chifukwa sankagamula kanthu okha. Ngakhale mtundu wa makatani unkafuna msonkhano, timapepala tomata pakhoma ndi kuwomba m'manja, kenaka n'kugula makatani omwe bwanawo ankafuna kuyambira pachiyambi.

Nkhani ya kalendala inasangalatsa onse kupatula Aphunzitsi. Mayiwa kale ankaphunzitsa ana kusukulu, dzinalo n'kuwakanirira. Bungwelo linkalimbana ndi nkhanza za m'banja, ndipo iwo ndi amene ankaima pamaso pa amayi m'maholo n'kuwauza kuti mwamuna womenya mkazi amayambira pamiyendo pa mayi ake. Ankalankhula bwino moti anthu ankapukuta misozi. Koma mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ku ofesi ankadziwa kuti ali kunja kukagwira ntchito, anali kundende chifukwa chothyola mkono wa mkazi wake. Akaidi a mbali yake ankaloledwa alendo Lachinayi masana basi. Choncho Lachinayi lililonse Aphunzitsi ankalemba pa bolodi kuti "kudera", n'kunyamula chikwama chokhala ndi sopo, mankhwala a chifuwa ndi buledi, n'kukakwera basi. Abale onse anali atamutaya mwanayo. Tsiku lina mwanayo anauza mayi ake kudzera pawaya wa kundendeko kuti tsiku limene adzasiye kubwera, iye adzadziwa kuti nawonso atopa naye.

Munthu mmodzi yekha mu ofesimo ndiye ankadziwa izi, wowerengera ndalama, amene ankatchedwa Mayi Lisiti chifukwa ngakhale kuwabwereka cholembera ankafuna usayine. Awiriwa ankaitanana achemwali. Kale ankadyera limodzi chamasana, ankauzana za kumtima, ndipo Mayi Lisiti sanafunsepo lipoti la ulendo wa Lachinayi. Ubale unatha pa maphunziro ena a antchito onse, pamene Aphunzitsi, pakamwa patatentha, anapereka chitsanzo cha "mayi wina amene ndimamudziwa, sindimutchula dzina", wophunzira bwino, wamalipiro ake, amene amavala malaya a manja aatali nyengo yotentha pofuna kubisa zipsera. M'chipindamo munali munthu mmodzi yekha wovala manja aatali. Mayi Lisiti anapitiriza kunena kuti achemwali.

Katswiri wa makompyuta anabwera ndi makalendala awiri n'kuwaonetsa pa pulojekita. Mayina ake anali ovuta, ndiye anthu anangoti yobiriwira ndi yabuluu. Yobiriwira inali yofatsa: munthu akakhala ndi chochita, anzake ankangoona mawu oti ndi wotanganidwa. Yabuluu inali yamiseche. Inkaonetsa kumene munthu akupita, amene akupita naye ndi galimoto, ndipo pansi pake aliyense ankatha kulembapo ndemanga. Inalinso ndi batani limene bwana analikonda nthawi yomweyo: ukalidina, linkafufuza m'makalendala a anthu onse n'kupeza nthawi imene aliyense ali ndi mpata.

Aphunzitsi anaikira kumbuyo yobiriwira ndi luso lawo lonse. Anati ndi yopepuka pa mafoni akale, siidya data, ndiponso munthu wamkulu sayenera kuyenda ndi ndolo ya nambala kukhutu ngati mbuzi yogulitsa. Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Mayi Lisiti anadikira kuti onse amalize, kenaka ananena mofatsa kuti bungwe limene limauza anthu kuti asamabise zinthu m'nyumba zawo silingasankhe kalendala yobisa. Anawonjezera kuti opereka thandizo akufuna kuti ulendo uliwonse wa kudera uzikhala ndi dzina la malo ndi chithunzi, ndipo yabuluu imachita zimenezo yokha. Bwana anagawa timapepala. Khoma la yabuluu linadzaza, la yobiriwira linali ndi kapepala kamodzi, ndipo popeza aliyense anali ndi mtundu wake wa kapepala, panalibe wofunsa kuti ndi ka ndani.

Mawu oti "kudera" anafera pamenepo, chifukwa tsopano ankafuna dzina la malo ndi chithunzi. Sabata yoyamba Aphunzitsi analemba pa Lachinayi masana kuti "zapakhomo", n'kupita. Akutsika basi pobwerera, foni inalira. Pansi pa mawu awo Mayi Lisiti anali atalemba ndemanga yooneka kwa onse, kufunsa mwachikondi ngati kunyumba kuli bwino, kapena mwana wathu uja wabwera kuchokera kunja, tidzamuone. Dalaivala anali ataikapo kachithunzi ka ndege. Mlembi anafunsa ngati mwanayo wabweretsa mphatso. Aphunzitsi anaima pasiteji, anafufuta zonse, n'kusiya Lachinayi lawo loyera. Anaganiza kuti azingozemba mwakachetechete, ngati mmene anthu amachitira popita kubanki.

Apa ndi pamene analakwitsa, ndipo Mayi Lisiti anaona. Bwana anali atalengeza kuti akufuna msonkhano wa antchito onse sabata iliyonse, wosajomba, ndipo tsiku lake lidzasankhidwa ndi batani lija kuti pasakhale wodandaula. Wowerengera ndalama, amene kalendala yake inali yopanda kanthu ngati mbale yotsuka, anakhala pansi n'kuidzaza. Lolemba kutseka mabuku, Lachiwiri kubanki, Lachitatu malipoti, Lachisanu kuwerenga katundu m'sitolo, mpaka Lachinayi m'mawa analipezera ntchito. Anasiya bowo limodzi lokha. Bwana atadina batani pamaso pa onse, kalendala inazungulira pang'ono n'kuyankha kuti Lachinayi masana aliyense ali ndi mpata. Anthu anawomba m'manja poona nzeru za makina.

Mafoni onse analira limodzi. Uthengawo unali ndi mayankho awiri, "Ndibwera" ndi "Sindibwera", ndipo wodina lachiwirilo ankayenera kulemba chifukwa choti onse awerenge. Pansi pake panalembedwa kuti msonkhanowu uzibwerezedwa sabata iliyonse, popanda tsiku lothera.

Aphunzitsi anayamba apita kwa bwana kukapempha kuti msonkhano ukhale m'mawa. Bwana anatambasula manja n'kunena kuti si iwo asankha, ndi kalendala, ndipo kalendalayo tinagwirizana tonse. Anatembenuza kompyuta kuwaonetsa Lachinayi lawo loyera, n'kufunsa ngati pali china chimene anaiwala kulemba. Aphunzitsi anati palibe.

Anawapeza Mayi Lisiti kukhitchini akutsuka kapu, manja a malaya atakwinyira m'zigongono. Ataona kuti kwalowa munthu, anawatsitsa.

"Achemwali, mukudziwa kumene ndimapita," anatero Aphunzitsi. "Sunthani chimodzi mwa zinthu zanu zija. Lachiwiri lomwe lija."

"Ine sindikudziwa kanthu," anayankha Mayi Lisiti. "Ndimangodziwa mayi wina, sindimutchula dzina."

 Aphunzitsi anavomera kuti analakwa tsiku lija, kuti akhala akufuna kupepesa koma mawu ankawathawa. Ananena kuti ngati pali wolangidwa akhale iwo, koma mwana uja sanawalakwire Mayi Lisiti.

"Inde, ine sanandilakwire. Mkazi wake mpaka lero sanyamula ndowa." Mayi Lisiti anaika kapu pashelefu n'kupukuta manja bwinobwino. "Njira ilipo, achemwali. Dinani 'Sindibwera', mulembe chifukwa chake. Si inu mumatiphunzitsa kuti kukhala chete n'kumene kumapha?"

Aphunzitsi anabwerera padesiki pawo n'kutsegula uthenga uja. Anadina "Sindibwera", kabokosi ka chifukwa kanatseguka, ndipo analemba kuti "Mwana wanga ali". Anayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Anaganiza za maholo odzaza amayi, za chithunzi chawo chimene chinali pa chikwangwani cha bungwe pageti, za mlembi amene nkhani siigona m'kamwa mwake. Ankamukonda mwana wawo, zimenezo n'zoona, koma ankaopanso kwambiri. Anafufuta mawu aja limodzilimodzi n'kudina "Ndibwera". Dzina lawo linasanduka lobiriwira pamndandanda, pansi pa la Mayi Lisiti. Anadziuza kuti ndi sabata ino yokha, kuti apeza nzeru.

Lachinayi anabwerabe ndi chikwama chija, poganiza kuti mwina msonkhano utha msanga. Koma msonkhano wa Tigwirizane sutha msanga. Unayamba ndi kudziwana kwa anthu amene agwira ntchito limodzi zaka zambiri, kenaka malamulo a msonkhano, kenaka timapepala. Aphunzitsi anakhala pafupi ndi chitseko, chikwama chili pakati pa miyendo, akuona dzuwa likuchoka pazenera lina kupita pa lina. Ankadziwa kuti nthawi imeneyo msilikali wa kundende akuitana mayina a akaidi amene abale awo afika, ndipo mwana wawo waima kumbuyo kwa anzake, wasamba, akumvetsera.

Nthawi ya tiyi itakwana, kunapezeka kuti palibe amene anakumbukira zodyera tiyiyo. Anthu anayamba kung'ung'udza. Mayi Lisiti anawerama n'kusuzumira m'chikwama cha Aphunzitsi, chimene zipi yake inali yosatseka bwino.

"Taonani achemwali anga, atiganizira," anatero, akutulutsa buledi uja n'kumukweza m'mwamba. Sopo ndi mankhwala anazisiya momwemo.

Anatenga mpeni kukhitchini n'kumudula okha bwinobwino, magawo ofanana, monga munthu wozolowera kugawa zinthu mosakondera. Mbale inazungulira tebulo. Dalaivala anati buledi wa Aphunzitsi ndi wofewa, mlembi anafunsa kumene amagula. Mbale itafika kwa mwini wake, munatsala kachidutswa ka kumapeto, kamene mwana wawo ankakonda kuyambira ali wamng'ono. Onse anali kuwayang'ana mothokoza, ndiye anakatenga.

Bwana anakhudzidwa kwambiri ndi mtima umenewu. Anati uwu ndiwo mzimu wa bungwe, ndipo anafunsa ngati onse akugwirizana kuti Aphunzitsi azibweretsa buledi wa msonkhano. Manja anakwera. Mayi Lisiti anati asavutike kukumbukira, awalembera pa kalendala, ndipo anatulutsa foni.

Foni ya Aphunzitsi inanjenjemera patebulo, pambali pa kapu. Uthenga unati buledi, Lachinayi masana, sabata iliyonse, popanda tsiku lothera. Bwana anawapempha kuti avomereze pompo kuti nkhaniyo itsekedwe apite pa mfundo ina. Aphunzitsi anali ndi buledi m'kamwa, ndipo anadina.