Nkhwani wotendera wa ku Kachebere

A Goliati a kwa Mavwere ndi mlimi wa mtedza, koma pakhomo pawo sipapezeka ngakhale khoko lake. Anthu ankawaseka nazo, iwo osalabadira. Chifukwa chake chinali mwana wawo wamkazi, Tionge.

Tionge anabadwa ndi chikanga. Khungu la m'zigongono ndi kuseri kwa mawondo linkauma, kuyabwa, mpaka kung'ambika. Mphepo ya mwera ikayamba kuulutsa fumbi ndi mungu wa udzu, ankangoyetsemula, maso ali psuu. Tsiku lina ali wamng'ono anadya ndiwo zotendera, milomo n'kutupa, mpweya n'kuyamba kubanika. A Goliati anathamanga naye panjinga kuchipatala.

Mwanayo atapeza bwino, adokotala anawafotokozera kuti fumbi la mtedza likhoza kulowera pakhungu long'ambikalo, thupi n'kuyamba kuuyesa mdani. Ndiye mwana akaudya, thupi limalimbana nawo.

Atabwerera kumudzi, a Goliati anasamutsira nkhokwe ya mtedza kwa mchimwene wawo. Kumenya mtedza konse kunkachitikira komweko, ndipo ankasamba ndi kusintha zovala asanamunyamule mwanayo. Paukwati kapena pamaliro, iwo ndiwo ankayamba kufunsa ophika zomwe athira mumphika.

Tionge anakula, mbeta yake n'kumasulidwa ndi Eneya, mnyamata wa ku Kachebere. Tsiku lokaonekera kwawo kwa mnyamatayo, azakhali ake a Eneya, a Esnart, anabwera ndi mbale ya nkhwani wotendera, n'kuiika pamaso pa Tionge.

"Ndaphika ndekha, apongozi. Idyani tione ngati mudzatikonde."

A Goliati, amene anamuperekeza pamodzi ndi akazi awo, anali pomwepo. Kukana chakudya kuchipongozi tsiku loyamba si nkhani yaing'ono. Anakonza pakhosi kuti ayankhule monga mwa masiku onse, koma Tionge anali atagwada kale.

"Azakhali, fungo lokha likundiuza kuti mumadziwa kuphika. Koma thupi langa silimvana ndi mtedza. Ndikadya nsinjiro ndimatupa, mpweya umandithera. Ndati ndikuuzeni lero, chifukwa mphika wanu ndidzaudya zaka zambiri."

A Esnart anayang'ana mikono ya mtsikanayo, pomwe panali zipsera zakale.

"N'chifukwa chake Eneya wadzala mbatata munda wonse wa kuseri kwa nyumba m'malo mwa mtedza? Ine ndimayesa ulesi."

Anthu anaseka. A Esnart anachotsa mbale ija, nakatsuka okha mphika wina, n'kuphika nkhwani wa tomato ndi anyezi basi.

Pobwerera madzulo, mu minibasi yopita kwa Kamwendo, a Stelia anagunda amuna awo a Goliati ndi chigongono.

"Bwanji simunayankhule lero, bambo a Tionge?"

"Ndikanawonjezera chiyani? Mwana wayankhula yekha, mwaulemu, osanjenjemera."

Kenaka anatembenukira kwa bambo wina wachilendo amene anakhala nawo pafupi, n'kuyamba kumufotokozera nkhani yonse kuyambira pachiyambi.